Madontho Amene Bambo Anafufuta

M'kachipinda ka kuseri kwa fakitale ya mafuta a mpendadzuwa munkagwira ntchito akatswiri awiri, mayi ndi mwamuna wake. Mayiyo ankayendetsa makina opanikiza mpweya wa kaboni. Mpweyawu ukapanikizidwa ndi kufunditsidwa umakhala pakati, si mpweya si madzi, ndipo umalowerera m'mafuta n'kutola asidi amene amawawawitsa. Bamboyo ankakhala pa kompyuta, kujambula mzere wolosera mphamvu yoyenera kupanikizira.

Mzerewo unali wokongola ngati uta wa Leza. Koma madontho angapo, ochokera pa zimene mayiyo anayesa pamakina, anakana kukhala pamzere. Ankasonyeza kuti ukapanikiza kwambiri, mpweya sutola asidi yekha, umanyamulanso mafuta.

"Ana osamvera awa," anatero bamboyo, nawafufuta.

"Bambo, mwawapititsa kuti ana angawo?"

"Anasochera okha. Mwina munayetsemula poyeza. Taonani mmene mzere wasalalira!"

"Ngakhale dazi lanu ndi losalala, koma tonse tikudziwa kuti panali tsitsi."

Mwini fakitale, mchimwene wa mayiyo, anali ndi migolo ya mafuta owawa imene wogula analonjeza kutenga mafutawo akayeretsedwa. Akaphonya, wogulayo apita kwina osabweranso.

"Alamu, titha?"

"Kompyuta yavomera kale. Tipanikize mpaka pamwamba, ntchito ithe msanga."

Mayiyo anachenjezanso, koma mchimwene wakeyo maso anali atakodwa pamzere uja. Mayiyo anangopukusa mutu, natembenuza chotsegulira mpweya.

Makina analira bwino. Bamboyo ankaimba mluzu, manja m'thumba. Kenaka chigubu cholandirira asidi, chimene chinkayenera kungonyowa pansi, chinayamba kudzaza. Chinadzaza, chinasefukira, mafuta n'kuyenderera mpaka pansapato zake. Asidi ndi mafuta zinatuluka zitagwirana manja, zowawa ngati kale.

Lole ya wogula inafika, inadikira, inabwerera yopanda kanthu. Mwini fakitale anakhala pamgolo, dzanja patsaya.

"Alamu, kompyuta ija ifunseni ngati imagula mafuta."

Bamboyo anakanda dazi. Anayandikira mkazi wake, mawu atatsika.

"Mayi, tiyesenso kuyambira pansi. Chilichonse chimene makina anene, ndilemba."

"Chabwino," anatero mayiyo, akumupatsa chokolopera. "Yambani ndi zimene anena pansipa."

Akulu sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.