Muzu Umene Ndaziona Anauyesa Chinaka

Kale, mapiri a ku Dedza akadali ndi mitengo, Nambewe anatenga mwana wake Ndaziona kupita naye kudambo. Linali dzinja. Anamuonetsa duwa lofiira, lachikasu m'mbali, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, likuyanga pachitsamba ndi nsonga za masamba ake.

"Mvula ikatha limeneli limauma osaonekanso, koma muzu wake umatsala pansi. Muzuwo umapha, ndipo ena amauyesa chinaka, timizu tandiwo tija. Usadzakumbe chinaka wekha."

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mutu? Ndati usadzakumbe wekha."

Mvula inatha, udzu unauma. Ndaziona ankaona azimayi akukumba tsiku lonse n'kubwera ndi timizu ta chinaka tosadzadza n'chikho chomwe. Mumtima anati, ine ndikapeza chachikulu. Anazemba ndi kakhasu.

Anakumba, anakumba, mpaka anazula muzu wautali, woyera, wopindika pakati. Analuma nsonga kuti alawe. Pakamwa panaotcha. Analavula, koma kachidutswa kanali katatsika kale. Muzuwo anaubisa m'nsalu, osauza munthu.

Dzuwa litapendeka m'mimba munayamba kupota. Kenaka kusanza. Kenaka kutsegula m'mimba kosalekeza, miyendo lefu, maso kulowa m'kati.

"Wadya chiyani?" anafunsa Nambewe.

Mwana anafumbatitsa nsalu yake.

"Iwe, zokukwapula tikambirana ukachira. Panopa ndiuze."

Ndaziona anamasula nsalu ija.

Nambewe sanalire. Anabereka mwana wamkuluyo ngati khanda, muzu kumanja, nathamanga kutsetsereka phiri. Atafika kumsewu anaima pakati penipeni, lole ya kachewere ikubwera.

"Mayi, mwatopa nawo moyo?" anakalipa dalaivala.

"Mundiponde kapena mutinyamule."

Dalaivala anayang'ana mwanayo, natsegula chitseko.

Kuchipatala dokotala atauona muzuwo anati, "Poizoni wa muzu uwu alibe mankhwala omusungunula. Chathandiza n'choti mwabwera msanga, ndipo mwaubweretsa." Anamutsuka m'mimba, namuika diripi. Masiku anapita mwana ali pakati pa moyo ndi imfa. Tsitsi lonse linathothoka. Koma m'mawa wina anatsegula maso, nati, "Amayi, njala."

Tsiku limene anabwerera kumudzi, akuyenda ndi miyendo yake, mutu uli mbee, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Ana inu, Ndaziona anapulumuka chifukwa anaulula nthawi ikadalipo. Ambiri amene analuma muzu umenewu sanafike n'kumsewu komwe. Akulu akati usakumbe wekha, siya khasu pansi, uwadikire.