Misonkhano ya M'buku

Malamulo a SACCO ya alimi a thonje ku Balaka ankanena mosapsatira kuti bodi izikumana mwezi uliwonse. Sabina, mlembi wa bodiyo, ankawadziwa pamtima. Chimene analibe ndi pakamwa.

Mvula itayamba, wapampando, a Goliati, analowa mu ofesi akupukuta matope kunsapato.

"Mwanawe, anthu achoke ku Ngokwe mpaka kuno kudzamwa fanta basi? Ingolemba kuti tinakumana. Buku lipita pa kabaza, akasayina komweko."

Sabina anafuna kunena kuti iyayi. Koma anangotenga cholembera. Analemba.

Mvula inatha, thonje linayera m'minda, linathyoledwa mpaka kugulitsidwa, mipando ya bodi ikungotuwa ndi fumbi. Mwezi ndi mwezi Sabina ankapeka: uje anatsegula ndi pemphero, uje anavomereza mfundo. Akafika kwawo ku Kalembo ankakalipira nkhuku zosalakwa, uku akulumbira kuti mawa awauza wapampandowo kuti iyayi. Kukacha, a Goliati akangotsokomola pakhomo, Sabina ankangoti:

"Chabwino, bambo."

Tsiku lina anaona kuti dzina la a Zubairu, membala wa ku Ngokwe, layamba kusayinidwa ndi dzanja lachilendo, longa la mwana wasukulu. Koma anangotseka bukulo.

Pa msonkhano waukulu wa pachaka holo inadzaza. Sabina ali mkati mowerenga za m'buku la misonkhano lija, mayi wina anaimirira kumbuyo, akumanga chitenje. Anali akazi a a Zubairu.

"Pepani a mlembi, tabwerezani. Mwati amuna anga anatseka ndi pemphero mu Julaye? Anthu aja ananditsanzika mu Epulo kuti akupita ku Joni! Ngati ali ku Balaka konkuno, ndiuzeni, akugona kwa ndani?"

Anthu anafa nalo phwete. Koma kuseka kutazirala, mlimi wina anafunsa, "Kodi bodi imeneyi inakumana liti komaliza?"

Maso onse anagwera a Goliati. Iwo anatambasula manja.

"Abale, ine sindilemba. Funsani mwini cholembera."

Apo ndi pamene pakamwa pa Sabina panatseguka, koma ndani akanamumvera? Masamba asanu ndi atatu, onse dzanja lake. Anamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ku Kalembo amamutchula kuti mlembi wabodza.

Mawu amodzi okha, iyayi, akanamusungira dzina. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.