Nkhuku ya a Hsueh M'chipinda cha Seva

Chilape! Mayi wanga ndi wachitsulo, sadya, samwa, amangofuna mphepo yozizira. M'mimba mwake muli ana anayi, koma mwana aliyense amalumbira kuti ali yekha. N'chiyani?

Musazunguzike nacho mutu, mungadwale pachabe. Ndi seva, chikompyuta chija chimakhala m'kachipinda kozizira n'kumang'ung'udza ngati munthu womva dzino. Amati ukachiika pulogalamu inayake yoyambirira, chimatenga pakati pa timakompyuta tina tosaoneka ndi maso, kalikonse n'kumagwira ntchito yakeyake. Mmene zimathekera, kafunseni amene anatha nsapato popita kusukulu. Nkhani ili pano ndi ya munthu amene anadzipanga mzamba wa mimba imeneyi asanaonepo ngakhale mphaka akubereka.

Ku Gangshan, tauni ina ya kutsidya kwa nyanja, pafakitale ya mabawuti ya Bambo Hsueh, panali mkamwini dzina lake Pan Yao-ting. Anakwatira mwana wamkazi wa pakhomopo, ndiye anam'patsa desiki, mpando wozungulira, ndi udindo umene ngakhale iye mwini sankatha kuufotokoza. Ntchito imene ankaigwira mokhulupirika inali imodzi: kuyankha kuti, "Ndikudziwa kale." Ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, akudziwa kale. Ukamuuza kuti zipi yatseguka, akudziwa kale. Tsiku limene mkazi wake anamunong'oneza kuti ali ndi pakati, m'kamwa munatuluka mawu omwewo, ndipo anagona pampando wa pabalaza mpaka msana unakhota.

Chaka chinali kutha, phwando la antchito linali pafupi. Paphwando limeneli pamabwera nkhuku yathunthu, ya mutu wake, ndipo amene mlomo wa nkhukuyo wamuloza amadziwa kuti ntchito yamuthera, Chaka Chatsopano akachidyera kwina. Bambo Hsueh, munthu wamtima wabwino, zaka zonse ankaupenyetsa mutuwo kudenga kuti aliyense adye mosatsamwa. Koma tsiku lina akudya mpunga kunyumba, anayang'ana mbale ya mkamwini wawo, imene inali phiri, n'kunena chapansipansi kuti, "Chaka chino khosi la nkhuku likhoza kutopa n'kuyang'ana kudenga."

Yao-ting anameza mpunga osatafuna. Anafunika kuchita chinthu chachikulu, choti apongozi achione ndi maso nkhuku isanafike patebulo.

Mwayi unali m'kachipinda kozizira. Pafakitalepo panali makompyuta anayi okalamba: ya makalata ndi maoda, ya makamera, ina yolozera makompyuta onse njira yolankhulirana, ndi ina yotsegula zitseko munthu akagunditsa khadi. Mayi Ko, katswiri wogwira ntchito ku Kaohsiung amene ankawasamala, anali atapereka kale maganizo oti onse anayi alowe m'seva imodzi yatsopano. Sevayo inali itafika, ikudikira kuti mayiwo adzaiike pulogalamu tchuthi chikatha. Yao-ting anawaimbira foni kuti asavutike.

"Kuikako sikovuta, a Pan," anatero Mayi Ko. "Mubaya fulashi, muyankha mafunso. Koma pali kabokosi kena kofunika kuchonga, kuti makina akazima n'kuyakanso..."

"Ndikudziwa kale."

"Chabwino. Ndiye kompyuta ya zitseko ija, chonde musai..."

"Mayi Ko, zonsezi ndaonera pavidiyo, mpaka pamene amathokoza oonera."

"Nanga kiyi wachitsulo wa chipindacho mumasunga..."

"Mupereke moni kunyumba," anatero Yao-ting, foni thii.

Anabaya fulashi. Pagalasi panatuluka zilembo zoyera zothamanga ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Makina akafunsa funso, iye ankangodina kuti pitirira, pitirira, ngati akupha udzudzu. Atafunsa dzina loti sevayo izidziwika nalo, anaipatsa lake lomwe, ndi la bambo ake. Ndipo poti Mulungu amadyetsa ndi mbalame zosalima zomwe, pulogalamuyo inalowa bwinobwino. M'masiku otsatira anasamutsira ana aja m'mimba mwa mayi wawo mmodzimmodzi, wa zitseko pomalizira. Anagunditsa khadi, chitseko chinatseguka. Anagunditsanso, chinatsegukanso. Chimwemwe chitamukwera m'mutu, anaitana gogo wotola zitsulo amene amadutsa ndi njinga ya matayala atatu, n'kum'kwezera makompyuta akale onse anayi.

Madala Tu, woyendetsa kagalimoto kokwezera katundu m'mwamba, anabwera atanyamula paketi yobiriwira ya tokukuta ta kokonati. Aliyense amadziwa kuti pamwamba pa makina pamafunika paketi imeneyi kuti makinawo azimvera. Yachikasu ayi, yofiira ayi, yotha masiku ayi.

"Bwana wamng'ono, nayi ya makina atsopanowa."

Yao-ting analandira, n'kuing'amba, n'kuyamba kukukuta madalawo akuona. "Madala, seva iyi imamvera ine. Simvera kokonati."

Madala Tu analavula m'kakapu malovu ofiira a mtedza wofiiritsa m'kamwa umene ankakonda kutafuna, n'kubwerera.

Tsiku la phwando linafika. M'mawa Mayi Hsueh analowa m'kachipindako atanyamula thireyi ya nkhuku yowiritsa, yonenepa, yonyezimira, mutu uli chilili. Inkayenera kuyamba yaperekedwa nsembe kwa Agogo Mwininthaka, mzimu woyang'anira malowo, masana, kenako ipite patebulo.

"Akamwini, firiji yadzaza ndi nsomba ndi mowa. Muno ndiye mozizira bwino." Anakwera pampando n'kuiika pamwamba penipeni pa kabati ya seva. "Muziiyang'anira. Ndidzaitenga nthawi ya nsembe."

"Ndikudziwa kale, Mayi."

Atangotuluka apongozi, makina anapempha kuti azime n'kuyakanso kuti zatsopano zikhazikike. Yao-ting anadina. Anasiya laputopu patebulo, mulu wa makiyi pambali pake, n'kutuluka kukaitana anthu kuti adzaone zodabwitsa. Kumbuyo kwake chitseko chinangoti khotcho.

Anasonkhanitsa antchito onse pakhonde, a m'maofesi ndi a kumakina omwe. Analankhula za dziko limene likuthamanga, za anthu amene amakhulupirira kokonati, za makompyuta anayi amene iye yekha, ndi manja awiriwa, anawalowetsa m'bokosi limodzi. Atamaliza anatulutsa khadi ngati wamatsenga, n'kuligunditsa.

Kanyali kanayaka kofiira.

Analipukuta pathalauza, n'kugunditsanso. Kofiira. Analiuzira mpweya, analitembenuza, anabwereka la mnzake. Kofiira, kofiira, ngati diso la munthu amene wagonera mowa.

"Bwana wamng'ono," anafuula mayi wina wa mu ofesi, "makompyuta onse akuti sakuona njira!"

Yao-ting anapita pakona n'kuimbira Mayi Ko, mawu atachepa ngati a kamwana kopempha switi.

"Kabokosi kaja munachonga?" anafunsa Mayi Ko.

"Kati?"

"Ndiye mayi wadzuka, ana ali mtulo. Palibe anawauza kuti akamva mayi akudzuka nawonso adzuke. Muwadzutse pamanja. Koma poti wolozera njira nayenso wagona, kunjako simungawafikire. Lowani m'katimo."

"Chitseko chikukana."

Pafoni panamveka kaphokoso kena ngati munthu akutsamwa ndi tiyi. "Wotsegula chitseko munamuika kuseri kwa chitseko? A Pan! Kiyi wachitsulo ali kuti?"

Yao-ting anasuzumira pakagalasi ka chitsekocho. Makiyi anali phee patebulo, akuwala.

"Ine ndili m'sitima, ndikupita kwathu ku Hualien," anatero Mayi Ko. "Mupereke moni kunyumba."

Anaimbira okonza maloko. Mmodzi anali kuphwando la kuntchito kwake, lilime litalemera kale. Wina anati abwera mawa. Madala Tu anati angothimitsa magetsi, loko amasuka yekha. Anathimitsa, fakitale yonse mdima bii, koma m'kachipindamo seva inkang'ung'udzabe ndipo loko anali gwa. Yao-ting mwiniwake ndiye anaumiriza apongozi kugula chibatire chachikulu, akudzitama kuti ngakhale kubwere namondwe chidzafika mawa lake.

"Tingochiphwanya," anatero wina.

Onse anamuyang'ana. Chitsekocho Bambo Hsueh anachiitanitsa ku Japan, ndipo alendo akabwera ankayamba kuwaonetsa chimenecho asanawaonetse zidzukulu.

"Kokonati uja akadakhala pamwamba..." anayamba Madala Tu, akuyang'ana kumwamba ngati akulankhula ndi denga.

Yao-ting anazemba. Patapita kanthawi, anthu atabalalika, Mayi Hsueh anabwera kudzatenga nkhuku yawo. Anapeza mkamwini atagwada pachitseko, matako m'mwamba, akuphwanya paketi ina yobiriwira, imene anathamangira kukagula, ndi chigongono kuti iphwatalale ilowe kunsi kwa chitseko.

"Akamwini, mukupemphera?"

"Ndikuyeza mphepo, Mayi."

"Yezani msanga, munditsegulire. Tebulo la nsembe layalidwa kale pageti. Nkhumba ilipo, nsomba ilipo, lubani alipo. Pakati pali mbale yopanda kanthu, ndipo apongozi anu aamuna achoka kale kometa, akubwera."

Atamva kuti chitseko sichitseguka, mayiwo sanakalipe. Anangoti, "Agogo Mwininthaka akadya nsembe yopanda nkhuku, mukawafotokozera nokha. Ndi apongozi anu omwe."

Apa m'pamene Yao-ting anaona bowo. Pamwamba pa khoma, kumbali ya kumene amasungira katundu, panali fani yotulutsa mpweya m'kachipindako. Analamula kuti aimasule, n'kuuza Madala Tu kuti amukweze pa kagalimoto kawo.

"Bwana wamng'ono, bowolo ndaliona. Mimba yanunso ndaiona. Ziwirizi sizi..."

"Ndikudziwa kale. Kwezani!"

Anamukweza ataima pathabwa ngati fano lopita kukachisi. Analowetsa manja, mutu, mapewa. Chifuwa chinadutsa mokakamiza. Itafika mimba, imene inaleredwa ndi mpunga wa apongozi mosadumphitsa, bowo linati apa ndiye pamalire. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Theka la mkamwini linali m'chisanu, theka lina lili kunja, miyendo ikupalasa njinga yosaoneka.

Antchito anabwerera onse, osaitanidwa. Ndipo pakati pawo panatulukira Bambo Hsueh, tsitsi litametedwa bwino, atavala jekete ya paphwando. Anayang'ana miyendoyo nthawi yaitali.

"Nsapato izi ndikuzidziwa," anatero. "Ndinagula ndine. Akamwini, kumeneko kuli bwanji?"

"Zonse zili m'manja, Bambo!" mawu anamveka kuchokera m'khoma. "Ndikungoona zina ndi zina!"

"Makiyi mukuwafikira?"

"Atalikirako pang'ono."

"Makinawo?"

"Nawonso."

"Nanga nkhuku yanga?" anafuula Mayi Hsueh.

Nkhuku ndiye inali pafupi. Kabati ya seva inali pansi pa bowolo, ndipo thireyi inali pamphuno pake penipeni.

"Ili bwino, Mayi."

"Yayang'ana kuti?" anafunsa Bambo Hsueh.

Miyendo inasiya kupalasa.

"Akamwini, ndafunsa. Mutu wa nkhukuyo wayang'ana kuti?"

"Kudenga... chakudenga, Bambo."

"Kudenga kuli ndani?"

Madala Tu ndiwo anayamba kuseka, mtedza kuwatuluka m'kamwa. Kenako khonde lonse linaphulika. Amayi a mu ofesi anagwirana mapewa kuti asagwe, wina anakhala pansi pa thumba la manati akupukuta misozi.

"Igwireni zolimba," anatero Mayi Hsueh. "Anyamata, kokani!"

Amuna awiri anakwera pathabwa n'kugwira mwendo aliyense. Anakoka koyamba, kunabwera nsapato. Anakokanso, kunabwera thalauza, n'kutsala kabudula wofiira wam'kati wa zithunzi za tinsomba, amene apongozi aakazi anamuzindikira mokweza kuti anali mphatso yawo ya chaka chatha. Atathira mafuta a makina m'mbali mwa bowo n'kukokanso, mkamwini anazuka ngati chitsekero cha botolo, phu! Anatera chagada pathabwa, nkhuku ataikumbatira pachifuwa, mlomo wake utamugunda pamphuno.

Mayi Hsueh anailanda, anaipukuta, n'kuthamanga nayo kugeti lubani asanathe.

Bambo Hsueh anadikira kuti kagalimoto kamutsitse pansi. "Ine chaka chino nkhuku sindiigwira," anatero. "Yasankha yokha, anthu onse akuona. Koma poti mwana wanga ndi mdzukulu wanga amadya kwa inu, sindikuthamangitsani. Desiki ija isiyeni. Tchuthi chikatha mukakhala pageti lakumbuyo. Lili ndi loko wachitsulo, kiyi wake mmodzi, wa chingwe chovala m'khosi. Mukatuluka muzituluka naye."

Yao-ting anatsegula pakamwa.

Antchito onse anamuyankhira pamodzi, ngati kwaya: "Akudziwa kale!"

Anatseka pakamwa, n'kuyamba kufunafuna thalauza lake, limene linali likuyenda kale m'manja mwa anthu kulowera kuphwando. Akuluakulu sananame: Ndidziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.