Hutala Apenga Lachiwiri Lokha

Patebulo la m'nyumba mwa Hutala panali chikalata cha kukhoti, chopsinjidwa ndi kapu ya tiyi. Hutala, dalaivala wa lole ya buledi, anamenya mbama mlonda wa pageti la kuntchito kwake mpaka kumugulula dzino, ati chifukwa anachedwa kutsegula.

Mkazi wake anati, "Bambo a mwana, kavomereni, mukapepese. Dzino limodzi si maliro. Bola ntchito yanu isathe."

Koma mlamu wake, amene ankasesa mu ofesi ya maloya n'kumadziyesa theka la loya, anapukusa mutu. "Alamu, wamisala saimbidwa mlandu. Kukhoti pengani, kuntchito muzikhala wabwinobwino. Adziwa ndani?"

Hutala anakondwa nawo malangizowo. Pamaso pa woweruza anayamba kuwuwa ngati galu, ndipo woweruzayo analamula kuti Lachiwiri akapimidwe ndi katswiri wa za maganizo.

Tsikulo anavala jekete chotembenuza, phazi lina nsapato, lina patapata. Atalowa, anapereka moni kwa ambulera imene inali pakona. Katswiriyo, mayi wamagalasi wolankhula motsitsa, anangomwetulira.

"Khalani pansi, bambo. Ndikuonetsani chithunzi, kenako ziwiri. Muloze chimene munaona poyamba."

Anachita zimenezi kamakumi awiri, ndipo kamakumi awiri Hutala analoza cholakwika, mumtima akudziombera m'manja.

Mayiyo anavula magalasi. "Mutu wanu ndi wakuthwa ndithu. Munthu wongolota, ngakhale atatsinzina, amalondolako mwina theka. Kuti mulakwitse zonse, ndiye kuti mumazikumbukira zonse."

"Adokotala, ine ndimamva mawu usana ndi usiku!"

"Ndaphunzira ntchitoyi zaka zisanu ndi ziwiri, zina ndikupima odwala m'chipatala, zina akaidi m'ndende. Odwala enieni ndawaona, ndipo ndimawamvera chisoni. Ambiri amayesetsa kubisa matenda awo. Inu mwabwera mutawavala ngati jekete."

Chimene mlamu uja sanachitole posesa n'chakuti katswiri sathera m'chipinda. Amafunsanso kunyumba ndi kuntchito. Mayiyo anaimbira foni bwana wa buledi.

"Kodi dalaivala wanu anayamba wawuwapo kuntchito?"

"Kuwuwa?" bwanayo anadzidzimuka. "Dzulo lomweli wagawa buledi m'magolosale makumi atatu osaphonya ngakhale imodzi. Mukuti akuwuwa kuti?"

Lipoti linafika kukhoti lili ndi mawu ochepa: munthuyu ali bwinobwino, ndipo amadziwa chimene ankachita. Woweruza anati Hutala akanapepesa poyamba akanangomuchenjeza, koma poti anasandutsa khoti bwalo la zisudzo, asese m'chipatala miyezi itatu.

Hutala anathamangira kuntchito, jekete ataivala bwino tsopano. Bwana anatambasula dzanja. "Makiyi. Ngati ndiwe wamisala, lole sindingakupatse. Ngati unanamiza khoti, buledi wanga sindingakusungitse. Sankha wekha."

Potuluka, ntchito itatha, mlonda uja anamutsegulira geti mwachangu kuposa masiku onse, akumwetulira ndi mpata wake wa dzino.

Kunyumba, mlamu anali atazimitsa foni. Mkazi anamumvera chisoni mwamuna wake, koma pakamwa sipanapirire. Anamupatsa tsache nati, "Yambani kuphunzira pakhondepa, bambo. Mukasowa womufunsa, alamu anu ndi katswiri."

Hutala anafuna kubisala kukhoti ndi misala, kuntchito ndi nzeru, ndipo konseko ananyowa. Mapanga awiri avumbwitsa.