Mvuu Akhalira Thumba la Ndere

Kalekale, chaka china mvula inakana. Mvuu anadya msipu wonse wa m'mbali mwa dziwe, nati, "Chomera pano n'changa."

Ana a Chule ankalira ndi njala. Chule anayang'ana pamadzi: ndere zokhazokha, biriwiri.

"A Mvuu, nanga nderezi n'zanunso?"

"Zonyansazo? Tenga, iwe wa maso otong'oka!"

Chule anawola ndere zija, nawola, nawola. Anayanika padzuwa mpaka zinauma gwa. Atalawa, anamva kuti muli mafuta. Anazilonga m'thumba kuti afinye. Analumphirapo, phaa! Osatuluka ngakhale dontho. Analumphiranso, phaa! Nanga Chule ali ndi thupi lanji?

Anaganiza, naganiza. Anakokera thumba lija pamwamba pa thanthwe lotsetsereka la m'mbali mwa dziwe, m'munsi natchera miphika. Kenaka anayamba kuimba mokweza: "Chuma changa, chuma changa!"

Mvuu anavuuka. "Chuma chanji?"

"Ndere zomwe zija, bambo. Koma chonde musakhalepo. Kwathu wokhalira thumba mpaka dzuwa kupendeka ndiye mwini wake."

Mvuu sanadikire. Anakwera wefuwefu, nadziponya pathumbapo, phi!

Mafuta anayamba: tho, tho, tho. Kenaka chuuu!

"Mayo ine, ndasauka!" analira Chule, uku akusintha mphika.

"Lira!" anatero Mvuu, akudzitikita mwamphamvu.

"Mayo ine, ana anga!" Mphika wina unadzaza.

Posakhalitsa thanthwe lonse linali noninoni. Mvuu anati asunthe pang'ono: tereee, phuvu! M'dziwe. Anayesa kukwera, anaterereka. Anayesanso, anatererekanso.

"Dzuwa likadali pamutu, a Mvuu!" anafuula Chule. "Thumba labwerera kwa mwini wake. Zikomo potifinyira!"

Nyama zimene zinabwera kudzamwa madzi zinaseka mpaka kugwira nthiti.

Chule anathira mafuta aja m'nyale, mudzi wonse mbee! Zotsala m'thumba anaumba zitumbuwa, ana ake anadya mimba ndendende. Nyenyeswa anagawira Nkhanga ndi Mbuzi, nawonso ananenepa. Ndere nazo sizinachedwe, zinameranso zokha. Mvuu ankangoonera chapatali, maso ndi mphuno zokha pamwamba pa madzi, manyazi atamugwira.

Nthano yanga yathera pompa, sonkhezani moto. Koma inu ana, ndi inu akuluakulu mukusekanu, mverani: wadyera akakhalira chako, usamukankhe. Tchera mphika.