Chinkhwe Chometa Maliro

Kalekale, nsungwi zikadali zambiri m'mphepete mwa mitsinje, m'mudzi wina wa patsinde pa phiri munali mwamuna dzina lake Kamtedza, wa mfunda wa Mbewe. Tili tonse? Senderani kufupi, nkhaniyi siyofuula.

Kamtedza anali mmisiri woluka. Ankaluka malichero, ankaluka madengu, ankaluka nkhokwe. Lichero lake silinkataya ngakhale fumbi la ufa. Koma pakamwa pake panali polemera. Mawu amene ankayankhula pa tsiku mukanawawerenga ndi zala za dzanja limodzi, chala china n'kutsala. Woyankhula pakhomopo anali mkazi wake, Nankhoma. Ameneyo ankacheza ndi nkhuku, ankacheza ndi mtondo, ngakhale mvula ikachedwa ankaikalipira.

Awiriwa analibe mwana. Tsiku lina chimphepo chinagwetsa mtengo wa mphako m'munda mwawo, ndipo Nankhoma anatola kamwana ka chinkhwe, kopanda nthenga, maso okhaokha ndi mlomo. Anakafunditsa nsalu, anakatafunira mtedza, anakatcha Kamlomo. Kamlomo anakula, pachifuwa pobiriwira ngati tsamba lanthete. Koma phiko limodzi linapola mokhota, moti kuthengo sakanabwererako.

Khola lake linali phewa la Nankhoma. Kumunda ali paphewa, kumadzi ali paphewa, pamtondo ali paphewa. Nankhoma akamapeta ankaimba:

Peta, peta, lichero la a Mbewe,
gaga auluke, mphale itsale.

Kamlomo anaigwira nyimboyo. Anagwiranso moni wa m'mawa, ndi mawu enieni a Nankhoma: "Mwadzuka bwanji, a Mbewe?" Mkazi akapereka moniwo, mbalame inkabwereza. Kamtedza ankangoti, "Mm." Koma m'kati mtima unkasekerera.

Chaka china, nthawi yokolola, Nankhoma anadwala. Ataona kuti kudzuka kulibe, anagwira dzanja la mwamuna wake.

"A Mbewe, mwana wathuyo musamutaye."

"Sindimutaya," anatero Kamtedza.

Anthu analira, anaika maliro, ndipo patapita masiku ochepa abale anasonkhana kudzameta monga mwa mwambo. Mitu yonse inapalidwa, tsitsi linasesedwa, anthu anabalalika. Pakhomo panatsala anthu awiri, wina wa ndevu, wina wa nthenga.

Kutacha, Kamtedza akutuluka m'nyumba, anangomva, "Mwadzuka bwanji, a Mbewe?"

Mayo ine! Mawu a munthu amene anamukwirira masiku apitawo. Anamulasa pamtima ngati munga. "Khala chete!" anatero. Tsiku lachiwiri moni womwewo. "Khala chete!" Tsiku lachitatu womwewonso. "Khala chete!" Musamuweruze msanga, anzanga. Sikuti ankadana ndi mbalameyo ayi. Ankaikonda, koma kuimva kunkamupweteka, ndipo kuitaya sakanatha. Choncho anachita chimene manja ake ankadziwa. Anang'amba nsungwi, analuka khola, nakalipachika kuseri kwa nyumba kumene mawu sakanamufika.

Kuseriko Kamlomo anayamba kudzithothola nthenga za pachifuwa, imodziimodzi. Amayi opita kumadzi anaona, nagwira pakamwa.

"Taonani, anthu inu! Nacho chinkhwe chikumeta maliro a mayi wake!"

Kamtedza atamva zimenezo anatonthozeka. "Ndi mwana wamwambo," anatero mumtima. "Ife tameta, nayenso akumeta. Tsitsi likamera, nthenga nazo zimera." Mwezi unatha, mitu ya anamfedwa inada ndi tsitsi latsopano. Pachifuwa pa Kamlomo dazi linangokulirakulira.

Khola loyambalo linali la mipata ikuluikulu. Tsiku lina mphaka anakwera padenga, napisa dzanja. Kamlomo pothawa analowetsa mutu pampata wa mbali inayo, mutu n'kukanirira. Kamtedza anamupeza akupalapasa, maso atatuzuka. Anathyola nsungwi, namuwonjola.

"Vuto ndi mipata," anatero. "Ndiluke lothina."

Analuka lachiwiri, la mipata ing'onoing'ono, nalimanga paliponse ndi luzi. Analipachika m'khitchini, pamwamba pa moto, kumene mphaka sakanafikako. Utsi unkakwera, Kamlomo ankatsokomola. Posowa chochita ndi mlomo wake, anayamba kumasula luzi lija. Kaulusi kamodzi kanamukulunga chala. Kamtedza anamupeza ali lendee, mutu pansi, chala chitatupa. Anadula luzi, namuwonjola.

"Vuto ndi luzi," anatero. "Ndiluke lopanda luzi, lopanda mpata."

Apa ndiye mmisiri anaonetsa umisiri wake wonse. Analuka khola lachitatu monga amalukira lichero, nsungwi pa nsungwi, popanda poti nyerere n'kudutsa. Analiikira chivundikiro, nalikhazika pakona m'kati mwa nyumba. Amene analiona analiyamikira. "Koma a Mbewe manja muli nawo!" Inde, chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

M'khola lachitatuli mphaka sanafikemo, utsi sunafikemo, dzuwa nalo silinafikemo. Kamlomo anasiya kupereka moni. Anasiya kuimba. Kenako anayamba kusiya chakudya. M'mawa uliwonse Kamtedza ankavundukula, kuthira mapira, kutola nthenga zimene zagwa, n'kuvundikiranso. Nthengazo ankazisunga m'kachitete, osadziwa kuti azitani nazo. "Tsopano ali pabwino," ankadziuza choncho, koma mtima sunkavomera.

Itatha miyezi isanu, kunabwera Mwatitha, mng'ono wake wa malemu Nankhoma, wochokera kutsidya kwa mtsinje. Pakamwa anatengera mkulu wake, koma iye anawonjezapo tsabola. Anadzanena kuti chimera chaviikidwa, ndipo mwezi ukaoneka kawiri anthu adzasonkhana kumeta kachiwiri, kuti maliro athe.

"Odi kuno! Alamu, mulipo kapena nanunso tikulireni?"

"Mm. Fikani."

Mwatitha anayang'ana pakhonde, anayang'ana padenga, anayang'ana mumtengo. "Nanga mwana wa akulu anga ali kuti? Pakhomo pali zii ngati kumanda."

"Ali m'nyumba. Ali pabwino."

Mwatitha analowa, navundukula khola lija. Anakuwa. Pansi pake panali kanthu konjenjemera, kofiira ngati nkhuku yososola. Pachifuwa mbee, m'ntchafu mbee, pansi pa mapiko mbee. Nthenga zinatsala kumutu kokha, kumene mlomo sukanafika.

"Alamu! Mwamutani mwanayu?"

"Akumeta maliro," anayankha Kamtedza motsitsa mawu. "Ndi mwambo."

"Mwambo wa kwa yani? Kumeta amameta tsiku limodzi. Ndipo inu munadzimeta nokha? Simunakhale pamphasa, wina atakugwirani mutu, ena atakuzungulirani? Uyu wadzimeta yekha, mumdima, miyezi isanu. Kumeneku sikumeta ayi, alamu. Uku n'kufa pang'onopang'ono."

"Ndamuteteza kwa mphaka. Ndamuteteza ku luzi."

Mwatitha anatenga chidengu chachikulu chosungiramo mapira, choluka Kamtedza yemweyo, namuuza kuti akhale pansi. Chilamu chimalola zambiri, ndipo Kamtedza anakhala. Mwatitha anamuvundikira nacho.

"Muli pabwino mmenemo. Mphaka sakugwirani. Musatuluke mpaka ndibwere kumadzi."

Kamtedza anakhala mumdimamo. Poyamba anati n'zachibwana za mlamu. Kenako anayamba kutuluka thukuta. Anamva tambala akulira, osamuona. Anamva anthu akuseka panjira, osadziwa chimene akuseka. Manja ake, amene sanazolowere kukhala chabe, anafufuza chogwira. Anapapasa nsungwi, zonse zosalala, zothina, zopanda pogwira. Ndani analuka? Iye mwini. Ndiye manjawo anakwera okha kuchibwano.

Mwatitha pobwera anatula mtsuko, navundukula dengu. Anamupeza mlamu wake ali ndi tindevu tisanu m'dzanja, todzizula yekha.

"Ha! Nanunso mwayamba kumeta? Madzi a mtsuko umodzi okha?"

Kamtedza anayang'ana m'dzanja mwake, nayang'ana kambalame kaja. Misozi inatsika. Tsiku limenelo anayankhula mawu ambiri kuposa a chaka chathunthu.

"Mlamu, amandipatsa moni ndi mawu a Nankhoma. Ndikamva, ndimatembenuka kuti ndimuone, ndiye palibe. Sindipirira."

Mwatitha anakhala pansi pafupi naye, tsabola yense atatha. "Nanenso ndimawasowa, alamu. Koma mawu a akulu anga atsala malo amodzi okha padziko pano, m'kamwa mwa kanthu aka. Mukufuna kuwaika m'manda kawiri? Wopereka moni amangofuna kuyankhidwa."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Kamtedza anamva.

M'mawa mwake anapita kumtsinje kukadula nsungwi. Khola lachinayi analiluka pakhonde, pomwe iye ankakhala poluka. Linali lalikulu, loti mbalame n'kutambasula mapiko osagunda. Mipata anaiyeza ndi chala chake: yoti dzuwa lilowe, koma mutu usatuluke. Luzi sanaikemo ngakhale kamodzi. Nsonga zonse anazipindira kunja, nazipala kuti pasakhale chobaya. Mbali imodzi analuka mothina, kuti pakhale pobisala mphepo ndi maso a kabawi. Analikweza pamitengo yosalala imene mphaka akanaterereka. M'kati anaikamo nthambi za msuku zamakungwa ake zoti azitafuna, mtedza wosasenda woti aziswa yekha, ndi phale la madzi loti azisamba.

Zonsezo zinali zapafupi kwa mmisiri. Chovuta chinali pakamwa. Munthu amene sanachezepo ndi nkhuku ayambira pati? Anakhala pambali pa khola, nakhosomola.

"Iyi ndi nsungwi," anatero. Kamlomo anangomuyang'ana ndi diso limodzi.

"Uwu ndi mpeni." Zii.

"Ili likhala lichero. Mayi ako ankati mkombero wanga ndi wolimba." Apo mawu anamuthera, koma mawa lake anayambanso.

Sabata inatha, Kamlomo anaswa mtedza umodzi. Sabata ina, anaviika mutu m'phale. Kamtedza anayamba kumutulutsa masana, kumukhazika pabondo, kumupatsa zotsalira za nsungwi kuti azing'amba. Pakhungu panayamba kutuluka timinga ta nthenga zatsopano. Masiku ena mlomo unkabwereranso pachifuwa, n'kuzula tiwiri. Kamtedza sankakalipa. Ankangomupatsa kamtengo kena, n'kupitiriza nkhani ya mkombero.

Tsopano chinthu chinatembenuka. Moni uja ankauthawa, anayamba kuulakalaka. M'mawa uliwonse ankatuluka pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Koma Kamlomo anali duu. "Kapena anaiwala," ankaganiza. "Kapena ndinawapha ndine mawuwo." Mantha amenewo anamudya kuposa chisoni.

Tsiku lina akupala nsungwi, mbalame inakonza kukhosi. Kamtedza anasiya mpeni. Kamlomo anatsegula mlomo, ndipo munatuluka mawu aakulu, okalipa, a mwamuna:

"Khala chete!"

Anali mawu ake enieni. Kamtedza anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Eya, mwanawe," anatero. "Amenewo ndinakuphunzitsa ndine. Pepa." Kenako anachita chimene palibe anamuonapo akuchita chibadwire. Anaimba. Mawu ake anali ngati a chule wa m'dambo, moti nkhuku zinathawa, koma anaimbabe:

Peta, peta, lichero la a Mbewe,
gaga auluke, mphale itsale.

Anaimba tsiku limenelo, anaimba mawa lake, anaimba mkuja. Kamlomo ankapendeketsa mutu, osayankha.

Mwezi unaoneka kawiri, mowa unapsa, abale anasonkhana kumeta kachiwiri. M'mawa anayala mphasa pakhonde. Kamtedza anakhala pansi, mkulu wina anamugwira mutu, ena anamuzungulira. Khola linali pomwepo, ndipo m'katimo munali mbalame yobiriwira, yotsala kadazi kamodzi pachifuwa, kukula kwake ngati chala chachikulu. Lumo litangoyamba kuyenda, pakhonde panamveka mawu a mkazi, ofewa, oseka pang'ono:

"Mwadzuka bwanji, a Mbewe?"

Lumo linaima. Mwatitha anaphimba nkhope ndi nsalu. Anthu onse anayang'ana Kamtedza, poti ankadziwa kuti yankho lake ndi "Mm." Iye anadzutsa mutu wake wometa mbali imodzi, misozi ili chuchuchu, nayankha momveka:

"Ndadzuka bwino, Nankhoma. Mwana wathu uja ndinatsala pang'ono kumutaya. Koma nayu, sindinamutaye."

Kuyambira tsikulo, moniwo sunagwenso pansi. Kamtedza ankauyankha m'mawa uliwonse mpaka imvi zinadzaza mutu. Kadazi ka pachifuwa kaja sikanamerenso nthenga, ndipo iye akakaona ankakumbukira makola atatu aja.

Ndiye inu osunga chamoyo, kaya cha nthenga kaya cha tsitsi, imvani. Khola liteteze ku mphaka, koma lisatseke dzuwa ndi mawu a anzako. Ndipo mukaona wina akudzithothola yekha pakona, musati n'mwambo. Musendereni pafupi, mumuyankhe.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule, isanapserere.