Namilanzi ndi Ngongole ya Akhwangwala

Kalekale, mdzukulu wanga, mbalame zisanasiye kulankhula ndi anthu, kunali mayi wina dzina lake Namilanzi. Ankakhala m'mudzi wa m'chigwa, ndipo ntchito yake inali yosunga nkhokwe ya mudzi wonse. Pokolola, banja lililonse linkathiramo dengu la mapira kapena la chimanga. Njala ikafika, Namilanzi ankatsegula nkhokweyo n'kutapira odwala, amasiye ndi okalamba.

Chaka china mvula inakana. Chaka chinacho inakananso. Namilanzi anatapa, anatapa, anatapa, mpaka zala zake zinakanda pansi pa nkhokwe. Anthu anadya mbewu zomwe anasungira kudzala. Anadya mizu. Mwana wake wamkazi, Ndaziona, anatupa mapazi, ndipo kulira nako anasiya.

Tsono kutali, pamwamba pa phiri, kunkakhala Akhwangwala. Iwo anali ndi nkhokwe zakuya zosaoneka pansi pake, ndipo ankabwereketsa aliyense wofika pakhomo pawo. Anthu a m'mudzi anakhala pansi nati: "Namilanzi, za nkhokwe mumazidziwa ndinu. Pitani mukatipemphere."

Namilanzi ananyamuka. Anayenda, anayenda, anakwera phiri. Akhwangwala anamulandira bwino. Anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi. Onse anali atavala zakuda, m'khosi moyera mbuu.

"Mayi, mwadzatani?" anafunsa Khwangwala wamkulu.

Namilanzi anawomba m'manja. "Akuluakulu, kwathu ana akutha. Tibwerekeni chakudya, tidzabweza."

"Chakudya chilipo," anatero Khwangwala. "Koma chathu chimayenda ndi mawu ake. Mapira aja muwasiye. Minda yonse mudzale thonje, ogula ndife. Nkhokwe ya mudzi muiphwasule, chifukwa kudyetsa munthu wosalima n'kutaya chuma. Ndipo malonda muzichita ndi ife basi, osati ndi midzi ina."

"Nanga okalamba adya chiyani?"

"Thonje likakulemeretsani, aliyense adzadyetsa nkhalamba yake."

Namilanzi anaganiza za nkhokwe. Anaganiza za mapazi a Ndaziona. Kenako anati: "Tavomera."

Pomwepo Akhwangwala anatsika ndi matumba, akuimba:

Tenga, tenga, khwaa,
Ukadya umvere, khwaa.

M'mudzi utsi unafukanso. Mitondo inayambanso kulira. Ndaziona anamwa phala, anagona, anadzuka, anamwanso. Mapazi anaphwa. Tsiku lina anatuluka yekha panja n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Namilanzi ataona zimenezo anagwada pabwalo, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kunena kuti zikomo. Ndipo mvetsa, mdzukulu wanga, zikomo ameneyo anali wochokera pansi pa mtima. Chakudya cha Akhwangwala chinapulumutsadi anthu.

Mvula itabwera, anthu anadzala thonje. Nkhokwe ya mudzi anaigwetsa, nsungwi zake anakolezera moto. Thonje linabereka, minda yonse inangoti mbee. Akhwangwala anatsika, analiyang'ana, anapukusa mitu.

"Chaka chino thonje lachuluka paliponse," anatero. "Mtengo wagwa. Lonseli langokwanira chiwongoladzanja. Ngongole ikadali pomwe inali."

"Nanga tidya chiyani? Thonje silidyedwa."

"Tikubwerekaninso. Koma mbuzi zanu mugulitse kwa ife, zikungodya nthawi yanu yolima."

Tenga, tenga, khwaa,
Ukadya umvere, khwaa.

Mbuzi zinapita. Chaka chinacho thonje linaberekanso, mtengo unagwanso, ngongole inakula. Anthu ankalima kwambiri kuposa kale, koma ankadya pang'ono kuposa kale.

M'mudzimo munali nkhalamba ina yosaona, a Kamthunzi, yomwe inalibe mwana ngakhale mdzukulu. Kale inkadya za m'nkhokwe ya mudzi. Tsopano Namilanzi ankaigawira pa mbale yake yomwe, koma mbaleyo inali yaing'ono. A Kamthunzi anafooka, anafooka, m'mawa wina sanadzuke.

Pobwera kumanda anthu sanamuyang'ane Namilanzi kumaso. Wina anati: "Amene anavomera kuphiri kuja ndani?" Wina anati: "Nkhokwe anagulitsa ndi iyeyu." Anaiwala kuti anamutuma ndi iwo omwe. Namilanzi analowa m'nyumba n'kulira.

Koma njala siidikira kuti munthu amalize kulira. Chakudya chinathanso, ndipo panalibe wina wolimba mtima kukwera phiri. Namilanzi anamanga nsalu m'chiuno, ananyamuka.

Pa mphambano, pomwe njira ya kutsidya la mtsinje imakumana ndi ya kuphiri, anapeza mayi wina atakhala pansi pa mkuyu, dengu la thonje lili pambali. Mayiyo ankadya chinangwa chootcha. Ataona Namilanzi, anachinyema pakati n'kumupatsa mbali yaikulu.

"Khalani pansi, anzanga. Milomo yanu yauma."

Namilanzi anadya. Atatha anafunsa: "Ndinu yani, amayi?"

"Ndine Nakhoviwa, wa kutsidya. Ndikupita kwa Akhwangwala."

"Inunso?"

"Ifenso. Anati tidzale thonje. Anati tiphwasule nkhokwe. Anati tisagulitsane ndi midzi ina."

"Mawu omwewo anatiuza ife."

"Ndi a kumpoto omwe. Ndi a kudambo omwe. Dzulo ndinakumana nawo. Tonse tikulima chinthu chimodzi, wogula ndi mmodzi. Mtengo ungaleke bwanji kugwa?"

Namilanzi anagwira pakamwa. Nthawi yonseyi ankayesa kuti tsokali ndi la mudzi wake wokha, ndiponso kuti analibweretsa ndi iye.

"Nanga chinangwachi mwachitenga kuti?" anafunsa.

Nakhoviwa anaseka pang'ono. "Kuseri kwa chulu. Sindinachizule chonse. Tiyeni kwathu, phiri silithawa."

Anawoloka mtsinje. Nakhoviwa anadula mitengo ya chinangwa, anaimanga mtolo, anawonjezera kansengwa ka mbewu ya mapira ndi kholowa wodzala. Anamusenzetsa.

Namilanzi anaima ndi mtolo pamutu, kudikira. Anadikira ndithu.

"Mukudikira chiyani?" anafunsa Nakhoviwa.

"Mawu ake. Mundiuze zoti ndichite."

"Palibe mawu. Kadzaleni."

"Ndidzabweza zingati?"

"Anzanga, mitengo ya chinangwa amawerenga ndani? Pitani dzuwa lisanakule."

Namilanzi anayenda njira yonse misozi ili m'masaya. Anali ataiwala kuti munthu angapatsidwe chinthu popanda chingwe.

Atafika anaitana anthu. Ena anakana kubwera. Amene anabwera anawagawira mitengo ija, anawauzanso zonse zomwe anamva pansi pa mkuyu. Anadzala m'mbali mwa minda ya thonje. Kenako iye ndi Nakhoviwa anayenda mudzi ndi mudzi. A kumpoto anali atabisa nyemba. A kudambo anali ndi mbatata. Uyu anapatsa uyu, uyu anapatsa uyo. Ndipo anapangana kuti kuphiri sadzapitakonso mmodzimmodzi.

Tsiku lokwera phiri linafika. Akhwangwala atasuzumira pansi anaona mzere wa anthu, mutu uli pakhomo pawo, mchira ukadali kumtsinje. Mphasa zinachepa. Anthu anakhala pamiyala.

Namilanzi anawomba m'manja monga anachitira poyamba paja.

"Akuluakulu, ndiyambe ndi kuthokoza. Mwana wanga ali moyo chifukwa cha chakudya chanu. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo ndidzauza adzukulu anga. Ngongole yanu sitikuikana. Tidzabweza."

Akhwangwala anagwedeza mitu, kukondwa.

"Koma mawu aja atipweteka," anapitiriza Namilanzi. "Taika m'manda munthu amene nkhokwe ikanamusunga. Kuyambira lero thonje tidzala mbali imodzi, chakudya mbali inayo. Nkhokwe timanganso. Anzathu a midzi ina tizigulitsana nawo. Ngongole tizibweza pang'onopang'ono, ana atadya."

Khwangwala wamkulu anatukumula nthenga. "Wobwereka salamula. Mukatero, pakhomo pano musadzafikenso."

Anthu anayang'anana. Mantha anawagwira, ena anayamba kudzuka. Koma Namilanzi sanasunthe. Nakhoviwa anasendera pafupi n'kumugwira dzanja.

Pamenepo Khwangwala wina wokalamba, wothothoka nthenga za m'khosi, anatsokomola.

"Ine ndauluka pamwamba pa midzi yawo," anatero. "Manda achuluka kuposa nkhokwe. Mawu aja tinawapangira pano paphiri, osaponda m'minda mwawo. Anthuwa akatha, thonje adzatilimira ndani? Ngongole adzabweza ndani? Mayiyu wanena zoona."

Akhwangwala anakangana. Khwaa uku, khwaa uko, mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza anavomera, koma monyinyirika. Ngongole sanaikhululuke, ayi. Anangochotsako chiwongoladzanja china, n'kulola kuti anthu azibweza monga angathere. Namilanzi anapita kwa Khwangwala wokalamba uja, anagwada, nati: "Zikomo, agogo. Mwationa."

Sizinali zophweka, mdzukulu wanga. Anthu anabweza zaka zambiri. Ndaziona anakula, anakwatiwa, ngongole ikubwezedwabe. Koma m'chigwamo simunafenso munthu ndi njala. Nkhokwe inaimanso pakati pa mudzi, ndipo amene ankamunena Namilanzi aja ndi omwe anayamba kuthiramo madengu awo. Mmodzi anabwera yekha kudzapepesa. Namilanzi anati: "Tonse tinali ndi njala. Zatha."

Chinangwa choyamba chitakhwima, Namilanzi anasankha chachikuluchikulu, anadzaza dengu, anawoloka mtsinje.

Nakhoviwa ataona dengulo anakwinya nkhope. "Ngati mwabwera kudzabweza, bwererani nalo."

"Sindinabwere kudzabweza. Ndabwera kudzacheza. Koma ndili ndi njala."

"Mukanayamba ndi mawu amenewo."

Anasonkha moto. Anaphika. Anaitana ana a pamudzi ponse, ndipo dengu lija linatha tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo awiriwo ankaitanana kuti achemwali, ndipo midzi yawo inakwatirana mpaka inakhala ngati mudzi umodzi.

Wamva, mdzukulu wanga? Wokubwereka pa njala umuthokoze, ndipo chake um'bwezere. Koma usanavomere mawu ake, uyambe wafunsa kuti mawuwo adzadya yani kwanu. Ufunsenso anzako amene anabwereka pakhomo lomwelo, chifukwa wokwera phiri yekha amangovomera zilizonse. Ndipo ukadzapeza munthu wokupatsa popanda chingwe, ameneyo umusunge ngati m'bale wako.

Nthano yanga yafika pamapeto, yathera pomwepa.